Pepala la M'thumba la Jekete

Jeketelo ndidagula pa kaunjika ku Chitakale,
tsiku la chiperoni, ogulitsa atayamba kumanga mitolo.
M'thumba lamkati munali pepala lopinda kanayi:
ndege yankhondo, yojambulidwa chapamwamba, cham'mbali, chakumaso,
timanambala tili mbwee ngati nyerere pa shuga.
Aphunzitsi a Nakhumwa adapukuta magalasi kawiri,
nati, "Izi n'za ku Swideni," n'kundibwezera.

Ine ndine wokhoma zidebe.
Chilankhulo chawo sindichimva, koma mizere ndimaimva.
Phiko ili alithyola dala pakati:
layamba mowonda cha pakhosi, kenako n'kutambasuka,
ngati namzeze akabweza mapiko potsika ku Chambe.
Mchira wopingasa palibe.
Ndidaufuna mpaka kuseri kwa pepala.

Iwe udajambulawe, dzina lako sindilidziwa,
koma ndikudziwa kuti udafufuta.
Mzere woongoka chonchi subwera ulendo umodzi.
Udagona kangati nsapato zili kuphazi,
tiyi atazizira pambali pa rula?
Mwina tiyiyo adathyoledwa konkuno.

Mphwanga Fanuwelo akuti ndegeyi imasiya mawu ake m'mbuyo:
yadutsa kale, phokoso n'kumabwera wefuwefu
ngati mwini ngongole.
Sindidatsutse. Mphezi ya ku Sapitwa
timayamba taiona tisanaimve.
Akutinso imatera pamsewu wamba.
Ndidasuzumira wa ku Muloza,
njinga za nanazi, mbuzi, ana a sukulu,
ndidaseka mpaka kutsokomola.

Ndidadula chitini cha mafuta ophikira.
Yoyamba idagwa chamutu.
Yachiwiri idazungulira n'kundicheka chala.
Yachitatu tisaikambe.
Yachinayi ndidaimangira nati kumphuno,
ndidapinda m'mphepete pang'ono, ndi chala osati nyundo,
ndipo idachoka pakhonde, phee, osagwedezeka,
kudumpha chingwe cha zovala,
kukatera mu nandolo wa mayi Mulipa.
Mapazi makumi atatu ndi limodzi. Ndidawerenga.

Pansi pa mapiko ako pali tina tosongoka,
tinayi, tolendewera ngati misi.
Timeneto sindidadule.
Ana akafunsa ndimati chitini chidatha.
Chitini chilipo.

Usiku ndimavala jeketelo, manja ake n'ngaatali,
ndimawapinda kawiri.
Pepala ndidalibwezera m'thumba mwake momwemo,
lili ndi kadontho ka magazi anga pa phiko lamanzere.