Thupi la pa Khoma

Ndakhala ndikujambula anthu pa makoma a mu Lilongwe
kuyambira utoto uli makwacha asanu chitini.
Woyamba anali wa pa butchala ya a Chimkono ku Mchesi.
"Umunenepetse," anatero,
"mimba itsogole, khosi lipindike katatu,
odutsa adziwe kuti pano amadya."
Ndinamunenepetsa.
Utoto unatha nsapato zisanapakidwe.

Abambo a ku parishi anabwera ndi kabuku ka kutsidya kwa nyanja:
Yesu wa tsitsi longa ndevu za chimanga,
mphuno ngati mpeni.
Tsiku lonse ndinasakaniza woyera ndi wofiira
kusaka khungu lomwe sindinaligwirepo chanza.

Che Ajasi, telala wa ku Malangalanga, anandigwira mkono:
"Mkanjo jambula, chisoti jambula,
koma nkhope usiye, ili ndi Mwini wake."
Mpaka lero mkanjowo uli chiimire pa khoma
kudikira munthu woti alowemo.

Zaka za maliro zija
a bungwe anafuna mafupa.
Nthiti ziwerengeke, anatero, anthu aope.
Sindinapemphe chithunzi choonera.
Mng'ono wanga Fwasani anali pa mphasa kunyumba,
ndinkangomutembenuza m'mawa
n'kupita kukamumaliza pa khoma la depoti.

Mzungu wina pafupi ndi positi ofesi
anafuna akazi atatu aatali ngati bango,
mitsuko pamutu, maso opanda.
Akuti ndiye Afirika weniweni.
Madzulo ndinayang'ana Nasimango,
wamfupi, wa akatumba onyamulira mabelo a kaunjika,
akuwerenga ndalama ndi chala chonyowa malovu.
Sindinamuuze.

Dzana mnyamata wa jimu ku Area 47
wandiloza foni pamphuno:
mimba ikhale njerwa zisanu ndi imodzi.
Mimba yomwe ija ya a Chimkono,
ati tsopano ndi matenda.

Koma pali thupi lomwe palibe anandilipirapo.
Mayi anga anali khoma paokha:
mphini zitatu tsaya ili, zitatu linalo,
zina zotsikira kumene ana sitinkaona,
zolembedwa ndi lumo ndi makala,
mvula osazichotsa.
M'tauni muno ankaziphimba ndi duku polowa m'basi.

Ndawayamba kuseri kwa nyumba yanga ku Kawale,
ndi utoto wotsala m'zitini za eni ake.
Masaya ndamaliza.
Dzanja likungonjenjemera pa mphini yoyamba:
bulashi ndi yofewa kwambiri,
sidziwa kucheka.