Nyambo

Ku Kawale, kuseri kwa chigayo,
Chimwaza wapachika sipika pakhomo la vidiyo.
Filimu yonse ayi,
akungotilawitsa.

Mdima. Kenako phuu! galimoto miyendo m'mwamba.
Liwu lamanzenene, ngati landilodi pakutha pa mwezi:
"Anamuphera mng'ono wake."
Wapolisi wataya chipewa pa desiki ya bwana,
mayi akunong'ona pafoni,
wotchi ya bomba ikuwerenga chobwerera m'mbuyo,
zitatu, ziwiri...

Zii.

Chimwaza watsitsa chinsalu,
watambasula dzanja.

M'thumba muli chenji cha sopo wa amayi.
Ndikudziwa, sitaringi safa,
chaka chonsechi sanafepo.
Koma "chimodzi" chija sindinachimve,
chandikola pakhosi ngati munga wa nsomba,
ndipo phazi lamanzere
lalowa kale.