Zigamba za Jaromir

Ku Łódź, Januwale. Chipale chofewa chasanduka matope
m'mbali mwa njanji za tiramu yomwe ndimayendetsa.
Ndaweruka. Chikepe chafanso, ndakwera wapansi nsanjika zisanu ndi ziwiri.
Patebulo pali disiki yokandikakandika
yomwe mlongo wanga Jaromir anaisiya m'bokosi la nsapato
pamodzi ndi malisiti a mankhwala.

Gemuyi ndi yakale kuposa mwana wanga Bogusz.
Kompyuta ya lero ikuiyang'ana ngati wobwera ndi ngongole.
Ndadina. Sikirini yada bii, yabwerera.
Ndadinanso. Akuti fayilo ina palibe.
Itiyo? Sakunena.

Zigamba zilipo makumi anayi ndi ziwiri,
zosokedwa usiku ndi anthu omwe sanalipidwe ndi aliyense:
mphunzitsi wa ku Valparaíso anawongola mithunzi ya mitengo,
mnyamata wa ku Tartu anachiritsa chitseko
chomwe chinakana kutseguka kwa zaka khumi,
wina wodziwika ndi dzina lanthabwala lokha
anapatsa akavalo nthunzi ya m'mphuno kukazizira.
Chomaliza, kafayilo kochepetsetsa, ndi cha Jaromir.

Papepala, zilembo zake zopendekera kumanzere:
ichi chitsogole, icho chitsatire,
ukasemphanitsa dziko ligwa.

Ndasemphanitsa.
Mlonda wa pachipata waima manja tambasu,
nkhope alibe, thupi lonse lofiirira ngati sopo.
Mtsinje ukuyenda pamwamba pa madenga.
Ndaponda sitepe imodzi, nthaka yandimeza,
ndikugwa, ndikugwabe, mzinda ukuchepa pamwamba panga
ngati nyali ya pasiteshoni yomwe waipitirira.

Usiku wachitatu. Tiyi wazizira kawiri.
Ndafufuta zonse, ndayambanso, chigamba ndi chigamba,
ndikuyesa chilichonse ngati mabuleki m'mamawa.
Chakhumi ndi chisanu ndi chinayi chikudana ndi chachisanu ndi chimodzi.
Ndaziyanjanitsa. Gemu yagwabe.

Bogusz watulukira ndi buledi m'kamwa,
wasuzumira paphewa langa, watafuna, wameza.
Amayi, foda yanuyi mwailemba Ludmiła.
Gemuyi siidziwa chilembo chathu chodulidwa pakati.

Ndiye kuti masiku onsewa
chotchinga pakhomo linali dzina langa lomwe.
Ndachotsa kamzere kamodzi. Ludmila.
Mkazi wina, wachilendo pang'ono, woti gemu imulola kulowa.

Nyimbo yayamba, yokhosomola ngati wailesi ya bambo.
Mlonda wapeza nkhope, watsitsa manja.
Mtsinje wabwerera kwawo.
Kavalo akupuma nthunzi, zikomo iwe wopanda dzina.

Papepala patsala mzere umodzi:
nyumba ya alendo ya paphiri, kuseri kwa mbaula.
Ndayenda mphindi makumi awiri, mimbulu yandipha kawiri,
sindidziwa kugwira lupanga, ndimadziwa belu ndi chiwongolero cha magetsi.

Kuseri kwa mbaula kuli munthu wokhala pampando,
juzi yotuwa, yomwe siyenerana ndi dziko la malupanga.
Alibe ntchito yoti anditume, alibe chogulitsa.
Ndadina.

Mawu ojambulidwa ndi maikolofoni yotchipa.
Kumbuyo kukumveka filiji yakale ikung'ung'udza,
ndi patali, belu la tiramu, mwina yanga,
mwina ndinkadutsa pansi pa zenera lake tsikulo osayang'ana m'mwamba.
Watsokomola. Sanadulepo chifuwacho.

Lusia, wafika. Wachedwatu.
Gasi watseka?

Ndadzuka, ndapita kukhitchini, ndagwira kampopi.
Ngotseka. Ndagwiranso.

Pobwerera ndapeza Bogusz ataima, buledi ali m'manja,
ndipo pasikirini mayankho ndi awiri okha:
Inde.
Ndibweranso.

Mawa ndilowa folo koloko m'bandakucha.
Ndasunga gemu m'malo atatu osiyana,
ndakopera foda yonse pa kafulashi,
ndalemba ndondomeko ya zigamba pansi pa zilembo zake,
zanga zopendekera kumanja.
Kenako ndasankha lachiwiri.