Jezi ya Nambala 14

Nkhani inafika Lachiwiri, mvula ya ku Leicester ikuwaza,
ija yosanyowetsa msanga koma yosakata.
Ndinkangolowa kumene kuchokera ku ntchito ya usiku,
nsapato zikununkhabe mankhwala a m'wodi,
ndinapeza Ulemu ali chiimire m'khitchini,
foni m'manja, tiyi atapola.
"Ababa, Kieran wapita."
Ndinayesa maliro.
"Wapita ku Sheffield. Wasayina dzulo."

Ku Sheffield!
Kwa anthu aja tinawakuwiza chaka chatha mpaka mawu kusasa,
iye mwini atawalasa mpira wa kutali belu likulira,
nadzimenya pachifuwa, pamene pali chizindikiro chathu,
ngati akulumbira.

Jezi yake ndinaigula mapaundi makumi anayi ndi asanu,
thukuta la Loweruka lathunthu.
Tinamudikira kukhomo la kuseri, zala zitauma ndi chisanu,
anatuluka, mtalimtali ngati mlongoti,
nawerama kufunsa mwanayu kalembedwe ka dzina lake.
Analemba kuti Ulemo.
Zaka zitatu jeziyo sinaone sopo.

Sabata imeneyo mzinda unatupa.
A Derek, oimba ng'oma pamzere wathu,
anasomola dzina lake kumsana kwa jekete ndi lumo,
chilembo chimodzichimodzi, ngati akuzula minga.
Mayi Chauhan a pagolosale anamatula chithunzi,
pakhoma panatsala malo oyera
oonekera kuposa chithunzicho.
Anyamata pa siteji ya basi ankangoti Yudasi, Yudasi.
Wina anati bondo lake linatha kale, apite.
Wina anati ndi ndalama, nanga mwana adya kuwomba m'manja?
Anamuyang'ana onse mpaka anakwera basi yosakhala yake.

Ine ndinali duu.

Paja inenso ndinasayinapo pepala.
Wodi ya amuna ku Zomba, odwala makumi asanu ndi awiri,
ena pabedi, ena pansi pa bedi,
manesi tinalipo atatu.
Nditanena kuti ndikupita, a Sisitala Nankhoma
sananditche Yudasi.
Anangofunsa kumene ndasiya makiyi a kabati ya mankhwala,
nabwerera kukaika diripi.
Mpaka lero ndikadakonda akanandikuwiza.

Anabwera mu Disembala, atavala za eni ake.
Holo yonse inaimirira kumuwooza,
ng'oma ya a Derek ikugunda ngati ikuthamangitsa dzombe.
Iye anangoyang'ana zingwe za nsapato zake.
Ulemu anakuwa kuposa onse, mitsempha ya m'khosi ili njo,
jekete atalitseka mpaka pachibwano
ngakhale m'holomo munali thukuta lokhalokha.
Ndinaona kolala ikusuzumira. Sindinanene kanthu.

Atamuchita chipongwe pansi pa neti
anaima pamzere, ife tonse tikugwedeza manja kuti aphonye.
Ananjanjitsa mpira katatu, monga mwa chizolowezi,
napukuta dzanja pakabudula.
Pabondo la mwana wanga chala chinagogoda katatu,
mwini wake osadziwa.
Mpira unalowa osakhudza chitsulo.

Anatigonjetsa ndi mapointi awiri.
Sanadzimenye pachifuwa.
Potuluka anakweza dzanja pang'ono chabe,
ngati munthu wodutsa pakhomo pamene anasudzulidwa.

Mlendo ndi mame, ndinafuna kutero tili m'basi,
koma mame ake ndi ati, wa ku Sheffield kapena ine?
Mawindo anachita nthunzi, Narborough Road ikudutsa mwakachetechete,
Ulemu akujambula 14 ndi chala, kufufuta, kujambulanso.
Tikuyandikira potsikira anafunsa osandiyang'ana:
"Mukadzapita ku Zomba, adzakukuwizani?"

Ndinaliza belu.
Kaya, mwanawe.
Loweruka tikusewera ndi a ku Bristol,
matikiti ali m'thumba,
ndipo akuti kwabwera kamnyamata katsopano, kamanzere,
dzina lake sitinaliphunzire.