Choyera cha Lua Giok-tin

Bambo ake ankagulitsa lubani ku Lukang,
m'kanjira kopanikiza, kosadutsana anthu awiri.
Iye ankajambula kuseri kwa mapepala a ngongole,
mpaka wangongole wina anati,
"Ndalama nayi, koma mphakayu ndisiyireni."

Sitima ya ku Keelung inamusanzitsa masiku atatu.

Ku Kyoto mphunzitsi sanampatse burashi.
Anampatsa kamtondo ndi zigoba za nkhono za m'nyanja.
Pera.
Chisanu chonse anapera,
ufawo n'kuukanda ndi guluu wofunda,
kampirako n'kukamenyetsa m'mbale kokwana zana
zala zitachita dzanzi.
Kafungo kake kanali ka matope a kwawo,
kumene akazi amaswa zigoba zomwezo chogwada,
nkhope zitakulungidwa nsalu, maso okha.
Sanauze munthu.

Pobwerera anapeza mbendera ina,
ana akulonjera aphunzitsi m'chinenero china.
Oweruza pa chionetsero anaweramira silika wake
nati, "Zokongola, koma n'zachijapani."
Anamupinda, nakakwera basi.

Zaka makumi atatu anaphunzitsa atsikana kusoka makolala.
Usiku, mbale zitatsukidwa,
tebulo lodyera linkasanduka gombe:
madzi aphwa, ng'ombe ikukoka ngolo m'thope,
akazi asanu ndi awiri chogwada.

Choyeracho chimalowa chotuwa, ngati walakwitsa.
Umagona ukudandaula.
Kukacha chili mbee.

Wachisanu ndi chiwiriyo alibe manja mpaka lero.
Akuti ndi mayi ake,
ndipo sanawaonepo manjawo atakhala phee.