Gawo la Wotchi Yakufa

Loweruka madzulo ku Chibavi, kamvula kaja kosadziwa kukata,
tapanikizana m'babashopu ya Msowoya.
Filimu ya makedzana,
anthu ake otuwa ngati phulusa.

Ndi gawo lija la wotchi.
Ndalionera kasanu ndi kawiri.
Wakupha ndikumudziwa, ndi tayi yake yomwe,
komabe mtima umagunda
mayi wamasiye akaima m'kabokosi,
aliyense atamuweruza kale.

Loya wathu sathamanga.
Amapukuta magalasi, kuyang'ana kudenga,
n'kufunsa mboni ngati akufunsa mtengo wa tomato:
"Mwati munamva wotchi ikulira naini?"

Msowoya waimitsa makina
pakati pa mutu wa Vinjeru,
uku mpala, uku tchire.
Palibe wodandaula.

"Inde bwana, ndinaimva."
Loya akutembenuka,
basi magetsi azima.

Mdima bii. Wina watukwana m'Chitumbuka.

Koma NyaKaonga wa mandasi,
amene Chizungu chake chimathera pa moni,
waimirira, beseni pambali:
"Wotchiyo inafa Lachitatu, bambo!
Munaimva bwanji?"
Vinjeru, nsalu ikadali m'khosi,
wagwada, akulira, akuvomera zonse.
Msowoya wamenya chipeso pathebulo.
Mlandu watha.

Tatulukira m'matope ofiira.
Wanga wa puloti ku Luwinga
walowa chaka chachinayi;
fayilo akuti akuifunafunabe.
Kuja chilungamo chimatenga ola limodzi,
kuphatikizapo otsatsa sopo.

Akadzalibwerezanso mudzandipeza pabenchi pomwepa.
Ndimangofuna kumuona
akupukuta magalasi aja.