Diso Logula

Miyezi khumi ndi inayi ndapalasa kabaza,
kuchoka pa depoti kukafika kuchipatala,
kubwerera, kupitanso,
thukuta la Salima likundiwawa m'maso.
Ndalama ndinkazipinda m'chitini cha mafuta odzola
kuseri kwa thumba la makala.
Lero chitini chili pululu.
Zonse zili m'sokosi yakumanzere.

M'shopu ya Che Ajasi makamera atatu agona m'galasi
pakati pa matochi ndi machaja a foni.
Onse ndi a kaunjika.
Anaonapo kale maiko ena,
maukwati a anthu osawadziwa,
agalu ovala majuzi.

"Tenga yofiirayi," akutero Che Ajasi.
"Mamegapikiselo makumi awiri!
Ijambula ngakhale nsabwe m'mutu mwa apongozi."
Ndikuseka, koma phazi langa silikuseka.

Dzulo ndinanyamula a Chimbalanga,
aja ankazungulira m'masukulu ndi kamera ya filimu,
lero ng'ala yawatsekera diso limodzi.
Ali kumbuyo kwanga, akugwira lamba wanga, anati:
"Manambala ndi a wogulitsa, mwanawe.
Iwe uyigwire kaye, umve ngati ikukhazikika m'dzanja.
Uyang'ane diso lake padzuwa.
Ukaona timaulusi toyera, chuku chalowa, isiye.
Ufunse za batire, ikafa ina ukaipeza kuti,
poti magetsi kuno amabwera ngati wangongole,
usiku, mozemba.
Ndipo uyiyese pa khungu lathu lino.
Makina ena anaphunzira kuona nkhope zoyera zokha,
iwe adzakusiya mano ndi maso basi."
Atatsika sanalipire.
Inenso sindinawakumbutse.

Ndiye ndayamba ndi yofiira.
Yopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu.
Ndaloza Che Ajasi mumdima wa shopu yawo,
atuluka chitsa chovala mzuli.
"Vuto ndi dzanja lako," akutero.
Mwina.

Yachiwiri ndi chimphona, mlomo wake ngati mpope,
mabatani ochuluka kuposa masipoko a njinga yanga.
Mtima wathamanga, ndisaname.
Ndadziona kale pa chinkhoswe, anthu akundipatsa njira.
Koma mtengo wake wameza sokosi,
wameza njinga, ukuyang'ananso malata a amayi.
Ndaibweza ndi manja awiri.

Yachitatu palibe amene waitchula.
Yakuda, yokandika pakona,
chitseko cha batire chomangidwa ndi kalegeni.
Diso lake ndi loyera ngati madzi a pa mjigo.
Ndatuluka nayo pakhonde.
Kamnyamata kakuthamangitsa tayala,
ndadina,
kakodwa mapazi onse awiri ali m'mwamba.
Mayi wa zitumbuwa, nayenso ndadina.
Watuluka yense: mphini ya pachipumi,
dontho la thukuta pamphuno,
ndi mkwiyo woti sindinapemphe.
Ndapepesa pogula zitumbuwa zitatu.

Tanenerera mpaka mithunzi yalowa pansi pa mapazi.
Che Ajasi alumbira kuti ndawabera,
kenako awonjezera chaja ndi kakhadi kosungira zithunzi,
koma chikwama ayi, ati chikwama ndi Lachisanu.

Anzanga a pa siteji akuti ndapenga,
foni nayonso imajambula.
Sindinawauze za chiphaso cha abambo,
chija cha ku fakitale ya thonje,
chimene chinanyowa chaka cha madzi osefukira.
Nkhope yawo inatsala theka.
Mlongo wanga Tiyamike amachipendeketsa pawindo
kufunafuna ngati anali ndi mpata wa m'mano ngati wake.
Ine ndimati anali nawo.
Masiku ena sindikhala wotsimikiza.

Ndafika amayi akusenda mtedza pamkeka,
mpango wapendekeka, makoko ali pamiyendo.
"Iwe, dikira! Ndivale kaye ya kutchalitchi!"
Ndinali nditadina kale.

Chithunzi chapendama,
ndawadula mutu pang'ono pamwamba,
nkhuku yalowerera pakona.
Koma dzanja lawo lili m'mwamba kundiletsa,
pakamwa pali yasa, pakati pa kukalipa ndi kuseka,
ndipo mano onse akuwerengeka.